Kusintha Botolo ku Tidzaona

"Amayi, bwanji botololi likutuluka thukuta pomwe akuyankhula ndi amalume?"

Funso limeneli anafunsa ndi mwana wina m'ufumu wa Tidzaona zaka zapitazo, ndipo yankho lake linali loti apite akasewere panja. Ife a ku Tidzaona mafunso ovuta timawayankha choncho, kuyambira m'nyumba mpaka ku bwalo la mfumu.

Koma mwanayo anaona zoona. Kwathu kuno mlendo akafika, tisanamufunse n'komwe za kumene wachokera, timathamangira ku firiji, kutulutsa botolo la chakumwa chozizira, n'kuliimika patebulo pamaso pake. Iye salikhudza. Kulikhudza malonje asanathe ndi kusaleredwa bwino. Ndiye moni amayamba, aliyense wa m'nyumbamo kubwera payekhapayekha, mpaka kamwana koyamba kumene kuyankhula. Kenako mlendo amapereka malonje, kuyambira mmene anadzukira, za odwala amene wawasiya, za minibasi imene inaphulika tayala panjira. Akatha, mwininyumba amatembenukira kwa mkazi wake n'kumufotokozera zonsezo, ngakhale kuti mayiyo anali pomwepo akumva. Nthawi yonseyi botolo lili chiimire. Thukuta limatsika, limanyowetsa nsalu ya patebulo, kenako limauma. Likauma, mwininyumba amakhudza botolo ndi kuseri kwa dzanja, amapukusa mutu ngati wamva za maliro, n'kulamula kuti libwerere mu firiji, kubwere lina. Kumeneku ndiye timati kusintha botolo.

Ulemu wa munthu timauyezera pamenepa. Mlendo wamba timamusinthira kamodzi. Apongozi kawiri. Katatu ndi kwa nduna, abusa, kapena munthu amene ukufuna kuti akuganizire mwana wako pa ntchito. Munthu amene wamwa botolo lomwe linafika poyamba amabwerera kwawo nkhope ili ndwii, n'kukauza mkazi wake kuti kunyumba kuja amuyesa wodzasoka nsapato. Chitseko cha firiji nachonso timachisiya chotsegula alendo akakhalapo, kuti aone okha kuti pakhomo pano sipagona njala.

Sindikunena kuti mwambowu ndi woipa. Munthu asamafulumire kuweruza za makolo, ngakhale kuti makolo athuwo analibe firiji.

Mu mzinda waukulu wa ufumuwu, ku Mdyeratu, muli dera lina lotchedwa Thimathima. Kumeneko kunkakhala anthu awiri olekanitsidwa ndi mpanda wa bango basi. Mbali ino a Thombozi, nkhoswe yotchuka, munthu amene anamanga theka la mabanja a m'deralo ndi pakamwa pake. Alendo kwawo sankatha. Pabalaza pawo panali mafiriji atatu, amene ana a m'derali anawapatsa mayina oti Wamkulu, Wapakati ndi Chitsirizira. Transifoma ya ku Thimathima inali yokalamba, yotsokomola, ndipo mafiriji atatuwo akayamba kulimbana ndi mabotolo obwerera, iyo inkangogonja. Anthu ankadziwa kukula kwa mlendo wa a Thombozi poona mmene magetsi athimira msanga.

Mbali inayo kunali Nagama, mayi wamasiye. Iye anali telala, koma maso atayamba kumuvuta polowetsa ulusi, anagulitsa makina ake osokera n'kugula makina ofungatira mazira a nkhuku. Kanali kabokosi kachitseko chagalasi, kosafuna zambiri, kongofuna kutentha pang'ono kosadukiza, monga mmene thadzi amachitira kwaulere. Mazira oyamba anasukusa onse pa tsiku limene a Thombozi analandira mkulu wa mpingo wochokera kutali. Nagama anakawakwirira kuseri kwa bafa osauza munthu, ndipo madzulo ake anapereka moni kwa a Thombozi pampanda, n'kuwayamikira kuti alendo awo amaoneka osangalala. Ifetu timatero.

Mazira amene anali m'kabokosi tsopano anali omaliza. Akalephera amenewa, Nagama anayenera kusiya nyumbayo n'kubwerera kumudzi kwa mchimwene wake, kukagona m'khitchini mwa mlamu wake amene anakangana naye pa tsiku la ukwati ndipo sanagwirizanenso. Anapiye ankayembekezeka kuswa kumapeto kwa sabata. Loweruka lomwelo a Thombozi anali ndi chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo, ndipo anali atabwereka kale mafiriji a msewu wonse.

Masiku amenewo mtsinje wa Sudzaphwa, umene umatipatsa magetsi, unali ukuphwa. Nkhani itafika ku nyumba yachifumu, Mfumu Matalala Wachitatu anaitanitsa nduna zake zonse. Zinakhala pa tebulo lalitali, patsogolo pa iliyonse pali botolo, kumbuyo kwa iliyonse kuli wantchito wodikira thukuta kuti liume.

Nduna ya Magetsi ndi Mdima inayankhula koyamba. Inati vuto si boma koma mtsinje, umene wayamba kusonyeza kusakonda dziko lake, ndipo inapempha kuti patumizidwe nthumwi zikaufunse kuti akuutuma ndani. Nduna ya Miyambo inati magetsi akutha chifukwa cha anthu osauka, amene ayamba kusita zovala ngati ali ndi kopita. Inaonjeza kuti mafoni a m'manja nawo amayamwa magetsi mwakachetechete ngati nsikidzi. Pamene nduna ziwirizi zinkamaliza, mabotolo anali atasinthidwa kambirimbiri, mafiriji a kunyumba yachifumu akubuula ngati ng'ombe zokoka ngolo pamchenga, ndipo chigawo chonse cha kumwera kwa mzinda chinali chitathimitsidwa kuti msonkhano wokambirana za kuthima kwa magetsi usasokonezeke.

Panali nduna ina yatsopano, imene inali isanazolowere. Iyo inatukula dzanja n'kufunsa ngati sizingatheke kuti botolo lizikhala mu firiji, chitseko chili chitsekere, mpaka zoyankhula zitatha. Mfumu inayang'ana ndunayo kwa nthawi yaitali, mwachifundo ndithu.

"Nanga mlendo aziyang'ana chiyani pamene ife tikuyankhula?" inafunsa mfumu.

Nduna zonse zinaomba m'manja chifukwa cha nzeru zakuya zimenezi, ndipo nduna yatsopano ija inakwezedwa pa udindo, n'kutumizidwa kukakhala kazembe ku dziko lina lotentha kwambiri.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Munthu wamba azisinthiridwa botolo kamodzi kokha. Kusintha kawiri kapena katatu kukhale kwa anthu a magazi achifumu ndi ena ofunikira. Pofuna kuti lamulo litsatidwe, mfumu inakhazikitsa gulu la Oyendera Mafiriji, ovala makhoti oyera. Ntchito yawo inali kulowa nyumba ndi nyumba, kutsegula firiji, kulowetsa dzanja, n'kuimba nyimbo ya ufumu mpaka kumapeto chitseko chili chitsegulire, kuti amve ngati mwiniwake akusamala magetsi. Palibe amene anakumbukira kuti woyendera ndi mlendo wochokera kwa mfumu, ndipo mlendo wotero sungamusinthire kochepera katatu.

Lamuloli analengeza pa msika wa Gwiranikaye, kuchokera pamwamba pa lole yokhala ndi chimkuzamawu ndi firiji ya wolengezayo. Msika umenewu dzina lake silinabwere pachabe. Wogula akafika pa bokosi la mayi wogulitsa thobwa kapena mafilizesi, amavundukula chivundikiro, amagwira botolo lililonse mpaka la pansi, lina amaliika patsaya, kenako amafunsa za ana, kenako amati abweranso. Ayezi amene mayiyo waundanitsa usiku wonse amakhala atasanduka madzi dzuwa lisanafike pamutu. Ndi ochepa mwa ife amene angalumbire kuti sanachitepo zimenezi.

Anthu anamvetsera lamulo lija mwaulemu. Wokhoma zidebe wina anati mwayi wake ndi woti agogo ake aakazi anagwirizirapo ambulera agogo ake a mfumu, choncho iye sali m'gulu la anthu wamba. Wogulitsa usipa anati nayenso mphuno yake anthu amati ndi ya kubanja lachifumu. Pofika madzulo, pamsika ponse panalibe munthu wamba ndi mmodzi yemwe, ndipo ku Tidzaona sanapezekenso mpaka lero.

Nagama anali pomwepo, akugula chakudya cha anapiye amene anali asanabadwe. Anakhala pang'ono pa benchi ya mnzake Abiti Saizi, wogulitsa thobwa, n'kumufotokozera za mazira ndi za Loweruka. Ananena kuti mwina akadandaule kwa Oyendera Mafiriji. Abiti Saizi, amene anali atakhalira chivundikiro cha bokosi lake kuti ogula asachitsegule, anaseka mpaka kutsokomola. Anati akapita kwa a makhoti oyera, adzabwera kunyumba kwa a Thombozi, adzasinthiridwa katatu aliyense, ndipo mazirawo adzafa asanafike n'komwe Loweruka.

"Mfumu ili kutali, achemwali. Firiji ili kuseri kwa mpanda wanu. Pitani mukayankhule ndi mwini wake."

Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Nagama anamanga chitenje chake chabwino, anasuzumira m'kabokosi kuona kuti kanyali kakuyaka, n'kuzungulira mpanda. Pakhonde la a Thombozi panali ndandanda wa mafiriji obwereka, onse olumikizidwa kale, akuyesedwa. Pabwalo panali makireti a zakumwa ali padzuwa, ena atsopano, ena obwezedwa kuchokera patebulo, kudikira malo.

A Thombozi anakondwa kwambiri kumuona. Anati zaka zonsezi aneba ake enieni sanalowepo pabalaza ngati mlendo, ndipo lero ndi tsiku lalikulu. Botolo linafika. Moni unayamba: mayi a kunyumba, ana, mwana wa mlongo uja ndi anzake awiri amene anabwera kudzamuluka tsitsi. Aliyense anafunsa Nagama za kunyumba, ngakhale kuti nyumbayo inkaonekera pawindo. Nagama anapereka malonje ake mwachidule, koma mwambo sulola kutchula chimene wabwerera mwininyumba asanabweze ake. Ndipo a Thombozi pa malonje anali katswiri. Anayambira pa bondo lawo lamanzere.

Thukuta linauma. Botolo linasinthidwa. A Thombozi anafika pa nkhani ya banja la mnyamata, kuti ndi anthu abwino koma amalume ake amayankhula kwambiri. Nagama ankavomera, koma khutu lake linali pakhonde, pomwe mafiriji ankalira ngati njuchi zolusa. Botolo linasinthidwanso. Iye anayesa kunena kuti lomwelo linali bwino, koma a Thombozi anakweza dzanja. Anati lamulo la mfumu alimva, koma mneba ngati Nagama si munthu wamba, ndipo ngakhale awamange, amusinthira kachitatu. Ankanena izi ndi mtima wonse, ndipo m'maso mwawo munali chikondi chenicheni.

Botolo lachitatu litangokhudza tebulo, kulira kwa mafiriji kunaleka. Kutali transifoma inamveka ikutsokomola komaliza.

Nagama anaimirira malonje ali pakati, chinthu chimene sichinaonekepo m'nyumba imeneyo.

"A Thombozi, ulemu wanu unandiphera ana mwezi watha. Lero ukundipheranso."

Anatuluka osatsanzika, botolo osalikhudza.

A Thombozi za ana sanazimvetse, poti ana a Nagama anali akuluakulu, okhala kutali. Koma chimodzi anachimvetsa: mlendo wachoka osamwa botolo lachitatu, ndipo mbiri yotero ikamveka kwa akuchimuna Loweruka lisanafike, dzina lawo latha. Ananyamula botololo ndi manja awiri n'kulondola mlendo wawo.

Anamupeza atagwada, akufunditsa kabokosi mabulangete, uku akukupiza mbaula imene makala ake ankangofuka utsi. Ankafuna kutenthetsa madzi. A Thombozi anaima pakhomo kudikira moni, koma moni sunabwere. Kenako anatsokomola, n'kupereka botolo lija. Nagama, mwachizolowezi cha tonsefe, analikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Linali lofunda ngati madzi osambitsira khanda, ngakhale linali litangochoka mu firiji. Firiji yotsegulidwa tsiku lonse ndi kabati chabe yolira.

Nagama analiyang'ana botololo, kenako anayang'ana kumpanda. Anafunsa ngati makireti aja akadali padzuwa. A Thombozi anayamba kupepesa kuti amenewo ndi otentha zedi, osayenera kupatsa munthu, koma iye anawadula n'kunena kuti abweretse awiri msanga.

Anthu a ku Thimathima amene anali panja masana amenewo amafotokozabe mmene anaonera nkhoswe yaikulu ija, jekete ili pathupi, ikudutsitsa makireti pamwamba pa mpanda wa bango. Mabotolo anali otentha moti ankawotcha zala. Nagama anawakulunga m'zitenje n'kuwandanda mozungulira mazira, ena pansi, ena m'mbali. A Thombozi anagwada nawo, bondo lamanzere likudandaula, n'kumapatsira limodzilimodzi. Zakumwa zimene zinakanidwa patebulo pawo sabata yonse zinali zitapeza ntchito.

Asanatseke kachitseko, Nagama anatola dzira limodzi n'kuliika pa khutu la a Thombozi. Poyamba sanamve kanthu. Kenako munamveka kugogoda, pang'onopang'ono, ngati mlendo wamanyazi, ndi kaliwu kakang'ono koti tsiyo. A Thombozi sanayankhule. Akazi awo, amene anali akusuzumira pampanda, amati m'banja lawo lonse imeneyo inali nthawi yoyamba.

Atafunditsa bwino kabokosi, anakhala pansi onse awiri, ali wefuwefu. Ndipo apa ndi pamene ndimati tisamafulumire kuloza chala a Thombozi okha. Nagama, ataona kuti m'nyumba mwake muli mlendo, anadzuka osaganiza, anatsegula kafiriji kake kakang'ono ka pakona, kamene a Thombozi sanakabwereke poti kanachepa, anatulutsa botolo lokhalo limene linalimo, analiimika pa mpando pamaso pa a Thombozi, n'kugwada kuti ayambe moni. Chitseko anachisiya chotsegula. Ali pakati pa "mwaswera bwanji", anazindikira chimene akuchita. Onse awiri analiyang'ana botololo. Kenako Nagama anayamba kuseka, kuseka kokhala ndi misozi, n'kukankha chitsekocho ndi phazi.

A Thombozi anatenga botolo, analitsegula ndi mphete ya kiyi, n'kumwa pomwepo, malonje osayamba. Kafiriji kaja kanali katatsekedwa kuyambira dzulo lake, ndipo chakumwacho chinali chozizira mpaka anagwira tsaya. Anati sakukumbuka kuti anamwa liti chinthu chozizira chonchi. Kwawo, pofika nthawi yomwa, magetsi amakhala atathima kale.

Apa ndi pamene Nagama ananena chimene anapitira kwawo. Anawauza za mazira okwiriridwa kuseri kwa bafa, za makina osokera, za khitchini ya mlamu wake. Anati anapiye akamaswa ndi pamene amafuna kutentha koposa, ndipo Loweruka madzulo sipadzakhala dzuwa lotenthetsa makireti. Sankapempha kuti chinkhoswe chilephereke. Ankangopempha kuti ayatse firiji imodzi yokha: idzazidwe Lachisanu, itsekedwe, isatsegulidwe mpaka ankhoswe atapatsana tambala ndi thadzi. Pamenepo aliyense alandire botolo lake limodzi, amwe likadali lozizira.

A Thombozi anapukusa mutu. Anati zoyankhula za pa chinkhoswe ndi zazitali, ndipo tebulo lopanda botolo ndi lamaliseche. Akuchimuna aziyang'ana chiyani nthawi yonseyo?

"Aziyang'ana mtsikanayo, aneba. Si amene adzere?"

Kunja kunamveka phokoso la ana okondwerera, ndipo kanyali ka m'kabokosi kanayaka. Magetsi anali atabwera. Kuseri kwa mpanda mafiriji onse anadzuka pamodzi n'kuyamba kubuula, ndipo kanyali kaja kanayamba kuphethira. A Thombozi anakayang'ana kanthawi, kenako anafuula kwa akazi awo kuti azule mawaya onse a pakhonde, ndi Wapakati, ndi Chitsirizira yemwe. Kanyali kanakhazikika.

Obwereka aja anati awabweza kwa eni ake mawa, ponena kuti nyumba yachepa. Koma awo awiri a pabalaza ndiwo anawavuta. Ku Tidzaona firiji yowonongeka ndi tsoka, ndipo anthu amabwera kudzakupepesa. Firiji yozimitsa dala ndi umphawi, ndipo anthu amakudutsa panjira. Munthu amene wamanga mabanja a dera lonse sangamveke kuti wayamba kuumira magetsi. Anatsitsa mawu, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina koma mazira.

"Nanga munthu akafunsa, mayi?"

"Ndidzati anapsa ndi magetsi, onse awiri, tsiku limodzi. Ndikauza Abiti Saizi mawa m'mawa. Pofika masana msika wonse udzakhala ukukumverani chisoni."

"Munene kuti anali okwera mtengo."

"Ndidzati anali ochokera kunja."

A Thombozi anadzuka movutikira, anakonza jekete, n'kutambasula dzanja.

"Chabwino. Inu mundisungire bodzalo, ine ndikusungirani anawa."

Nagama analandira dzanjalo ndi manja awiri.